Elube Akuyamwitsa Awiri

Amayi, kumene muliko mukudzuka bwanji? Ife kuno kumalaini a esiteti tilipo. Nandolo munabzala kwa Changata uja anabereka bwino, achemwali akolola. Koma mbuzi yanu yakuda ija inagwidwa ndi fisi.

Nkhani yaikulu ndi ya mpongozi wanu, Elube. Mvula itangoyamba anabereka mwana wamkazi. Inali nthawi ya njala, thupi lake linatha, mkaka unkangotuluka pang'ono. Mwana ankalirira pabere. Ndinakumbuka mmene munkakalipira bambo kuti, "Mwanayu akulira chifukwa ine sindinadye!"

Mwamwayi kuchipatala anayamba kugawa mkaka wa ufa, ndipo anamwino ananenetsa kuti ndi woti azimwa mayi woyamwitsayo. Koma ambiri anati mkaka wa azungu ndiye woyenera mwana. Ankausungunula ndi madzi a kumtsinje, kusiya ana kunyumba, iwo n'kupita kukathyola tiyi popanda chowachedwetsa. Elube anakana. Fungo lake linkamuchititsa nseru, koma ankauthira m'phala n'kumeza atatseka mphuno. Kumunda ankapita dengu kumbuyo, mwana kutsogolo. Akapitawo atamukalipira kuti akuchedwa, anangoti, "Ndiyamwitse kaye, tiyiyo sathawa." Posakhalitsa bere linadzaza mpaka kumanyowetsa nsalu.

Kenaka mwana wa a Rozina, oyandikana nafe khomo, anayamba kutsegula m'mimba, liwombo kulowa, maso kugwa. Bere la amake linali litauma kale. A Rozina anafika pakhomo akulira, mwana ali m'manja. Elube sanafunse munthu, ngakhale ine. Anangomulandira n'kumuika kubere linalo. Azimayi ananena zambiri, kuti mwana sayamwa kwa munthu amene si mbale wake, kuti wathuyo adwala. Iye anawayankha kamodzi kokha: "Ndiye afe tikuyang'ana?"

Amayi, onse awiri akukwawa tsopano, akulandana chipande. Azimayi ena ayamba kumwa okha mkaka uja, ngakhale savomera kuti anaonera kwa ndani. Paja munkadandaula kuti ndakwatira kamkazi kochepa thupi, kosayankhula. Ndikulakalaka mukadamuona.

Mvula isanayambe ndibwera kudzalambula pamene munagona, ndalonjeza. Elube akuti abwera ndi ana onse awiri, chifukwa wa a Rozina sagona asanayamwe.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Dayisoni