Matumba Amene Sindinagaye

Lolemba, 3 Malichi
Kalata ija yabwera. Pa 28 ndikaonekere kukomiti ya chilango. Mlandu wake: ulesi. Ine! Zaka khumi ndi zinayi m'chipinda chapansi cha banki yaikulu ya boma, kugaya ndalama zakutha, zong'ambika, zonunkha thukuta la dziko lonse. Makina ogayira anafa mu Juni. Ndalama zokonzetsera zinatuluka kawiri, kawiri konse zinathera m'mimba mwa anthu apamwamba. Ndiye matumba angodzazana mpaka kudenga, 412, wolakwa n'kukhala ine. Abwana athu, a Tayi, pondipatsa kalata sanandiyang'ane n'komwe. Ntchito ikatha, nyumba ya kuntchito nayo yapita. Ana sindinawauze.

Lachinayi, 6 Malichi
Pawailesi: mayiko akunja atiikira ziletso, safunanso malonda ndi ife. Mwamuna wanga akuti, "Izo n'za andale, m'khitchini sizifika." Masana mafuta ophikira akwera mtengo kawiri. Zafika, bambo.

Lachiwiri, 11 Malichi
Ambiri sadziwa kuti ndalama zathu amasindikiza kunja. Osindikizawo akana kutumiza zatsopano. Kufuna osindikiza ena, tilipire ndi chiyani? Ndalama zakunja akuluakulu anagulira galimoto kalekale. M'mabanki mizere mpaka kumsewu. Bambo anga anaima kuyambira m'mawa kufuna kandalama kotsala ka penshoni yawo, abwera chimanjamanja, mapazi otupa. Ndawathowa ndi madzi ofunda. Mtima kuwawa.

Lachisanu, 14 Malichi
A Tayi atsikira kuchipinda kwanga, koyamba chaka chino. Mpango pamphuno. "Mayi, matumba aja munagayako?" Ndati ndigaye ndi mano? Kuseka kwawo ngati munthu wodzapempha mchere. Akuti pa 25 aphunzitsi, anamwino ndi apenshoni ayenera kulandira, koma m'banki monse mulibe ndalama yapepala ngakhale imodzi. Akufuna zakutha zija tizikonze zibwerere kwa anthu. Nkhope ndaumitsa. Mumtima gule.

Lolemba, 17 Malichi
Anditumizira anthu makumi atatu a masuti. Lero wolamula ndine. Milu itatu: zolimba, zofuna tepi, zakufa. Zonyowa tiyanike pachingwe. Zokwinyika tisite, moto pang'ono, nsalu pamwamba. Simbi ndabwereka kwa achemwali ndi kwa aneba onse.
Ophunzira kwambiri ndiwo ovuta. Wina wamata ndalama mazana awiri osayang'ana manambala, theka la iyi ndi theka la ina, bola nkhope ikumane. Zotero kumsika akazizindikira, anthu akana zomata zonse, ndiye tathera pomwepo. Wamatula yekha, ine nditaima pambali.
A Tayi awotcha mtolo wathunthu ndi simbi. Ndawasamutsira kochingwe, azikayanika. "Chabwino, mayi." Mawu amenewo ndikanatha ndikanawasunga m'botolo.

Loweruka, 22 Malichi
Msana. Zala zonse zomata, chifuwa cha fumbi. Kudya choimirira. Koma galimoto zikutuluka zodzaza.

Lachiwiri, 25 Malichi
Alandira! Dziko lonse! Bambo anga abwera akumwetulira, ndalama m'sokosi. Azitulutsa, kuzinunkhiza: "Boma layamba kusita ndalama?" Ndaona tepi yanga, kamatidwe kanga kopingasa. Ndalira pomwepo, iwo osamvetsa.
Zoona, penshoniyo yagula theka la zimene inkagula Januwale. Zimenezo simbi singakonze. Koma mankhwala awo agula.

Lachisanu, 28 Malichi
Komiti. Ndinavala diresi ya kutchalitchi, yoti akandichotsa ndichoke mwaulemu. Kulowa, onse kuimirira. Wapampando wang'amba kalata ija pamaso panga. A Tayi maso pansi, chala chomanga bandeji. Akuti ndinaona patali posagaya matumba. Ine kuona patali? Makina munadya ndinu! Sindinanene, ndangoti zikomo. Tsopano ndine mkulu wa gawo lokonza ndalama, nyumba ndi yathube. Ndagula nkhuku ziwiri. Ana ndawauza zonse, kukuwa mpaka aneba kusuzumira. Mwamuna wanga akunditcha "abwana", akundithirira madzi osamba m'manja.
Ndapambana. Ndilembenso: ndapambana.
Potuluka wapampando anandigwira dzanja. "Mayi, tikudalira inu. Matumba alipo okwanira, eti?"
Ndinati alipo, bwana.
Atsala 37.