Mluzu wa Lachitatu

Lachisanu, 2 Okutobala

Zikho zafika. Makumi awiri ndi chimodzi, m'makatoni atatu. Chimodzi chinapindika khutu m'njira, ndachiwongola. Tizitsulo ta mkuwa tolembapo maina ndinadula kale, tangotsala kupukuta.

Mayi Mlembi a komiti ya mphotho za zisudzo abwera okha ngati chaka chilichonse, chikwama atachipana m'khwapa. Maenvelopu omata, iliyonse ndi nambala yake. Za zisudzo, za magule, za masewero oimba. M'kati mwa iliyonse muli dzina la wopambana. Odziwa: oweruza asanu, mayi Mlembi, ndi ine wozokota maina. Lamulo ndi lomwe lija. Kutsegula imodzi, kuzokota dzina, kumata pa chikho, kukulunga m'nyuzi, kulemba nambala kunja, kapepala kuwotcha. Pakamwa potseka mpaka Loweruka la sabata yamawa.

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndikugwira ntchito imeneyi. Sindinaululepo, ngakhale kwa mayi akunyumba. Ndi ntchito yomweyi imene imandibweretsera makasitomala chaka chonse, amati uyu ndi uja wa zikho, munthu wosunga pakamwa.

Koma lero mayi Mlembi anachedwa pakhomo. Akuti, "Nambala seveni mukuidziwa. Ngati mukufuna tiipereke kwa wina, nenani pompano." Ine mwamatama, ati dzanja langa silidziwa m'bale. Pakamwa pangapa!

Nambala seveni: mayi amene wachita bwino zisudzo kuposa onse chaka chino. Opikisana anayi. Mmodzi ndi mlongo wanga Nyenje. Dzinali tinam'patsa ali mwana chifukwa sankatseka pakamwa, kuimba kuyambira m'mawa mpaka mitu kutiwawa. Zaka makumi awiri ndi ziwiri pa siteji, aka n'koyamba kum'tchula pa mphotho.

Envelopuyo ndaiika pansi penipeni m'dilowa. Kiyi m'thumba la buluku.

Lolemba, 5 Okutobala

Wani mpaka sikisi zatha. Seveni ndadumpha. Eyiti ili pa chopanira.

Nyenje anabwera masana ndi malalanje atatu. Gulu lawo limakonzekera sewero m'chipinda cham'mwamba tsidya la msewu, ndiye shopu yanga ndi njira yake. Anakhala pa kampando ka makasitomala, kusenda lalanje pang'onopang'ono, maso pa dilowa. Ndinamuuza kuti sindinatsegule. Anangoseka.

Kenaka nkhani yeniyeni. Akuti, "Achimwene, sindikufuna dzina. Mungondiuza chimodzi: Bambo ndikawatenge kapena ndiwasiye?"



Bambo sanamuonepo Nyenje pa siteji. Ngakhale kamodzi. Zaka zonsezi funso lawo limodzi, "Nanga ntchito uyamba liti?" Zisudzo amati ndi masanje a akuluakulu. Chichitikireni sitiroko ija mbali yakumanja siigwira, amakhala kwa azakhali, ulendo wa maola anayi pa msewu wa mabampu. Adokotala anakaniza maulendo ataliatali. Nyenje akuti ngati wapambana, bola Bambo aone ndi maso awo, ngakhale avutike m'njira. Ngati sanapambane, asawazunze chabe kuti adzamuone akuombera m'manja munthu wina. Akuti mawu amene angamve pobwerera sangawapirire.

Ndikati katenge, ndaulula. Ndikati asiye, ndaulula. Ndinati sankha wekha. Anachoka osatsanzika, makoko a lalanje anasiya pa benchi.

Ndakwiya naye. Akudziwa bwinobwino pamene wandiika.

Lachiwiri, 6 Okutobala

Naini mpaka fifitini. Ndadzicheka chala ndi chozokotera, koyamba m'zaka zambiri. Magazi pa mkuwa, kupukutanso.

Mayi akunyumba pobweretsa tiyi: "Inu chinsinsi mumasungadi pakamwa, koma mluzu wanu ndi wailesi." Akuti msewu wonse umadziwa. Ndikamagwira ntchito mtima uli m'malo, mluzu kumveka mpaka kwa wometa tsitsi. Zikandivuta, zii. Akuti tsiku lomwe Bambo anagwa, wogulitsa makala anabwera kudzafunsa kwagwanji ndisanauze munthu.

Sindinkadziwa. Munthu wa zaka makumi asanu, kuuzidwa lero.

Ndasuzumira pawindo. Zenera la chipinda chawo chokonzekera lili chotsegula. Dzulonso linali chotsegula.

Lachitatu, 7 Okutobala

Ndatsegula.

Si iye.

Ndi kamtsikana ka ndolo zikuluzikulu kaja. Komwe Nyenje anakatola kakugulitsa matikiti pakhomo la holo, n'kukaphunzitsa kuima, kupuma, kutulutsa mawu. Kanagona pabalaza pake miyezi isanu ndi umodzi. Ndinawerenga katatu ngati dzinalo lisintha.

Ndazokota. Dzanja silinanjenjemere, ndipo zandinyansa kuti silinanjenjemere. Zilembo zoongoka kuposa zikho zonse. Kumata, kukulunga, seveni kunja. Kapepala ndawotchera m'chitini.

Utsi usanathe, chithunzithunzi pakatani. Nsapato za Nyenje ndimazidziwa, chidendene chimodzi chimalira. Anaima panja, osagogoda. Kumvetsera.

M'shopu munali zii ngati kumanda. Ndinakumbukira mawu a mayi akunyumba: chete ameneyu akuulula. Ndiye ndinayamba mluzu. Milomo youma gwa, koma ndinaukakamiza. Kanyimbo kaja tinkaimba tili ana popita kukatunga madzi, sindikudziwa kanachokera kuti. Mokweza. Kawiri konse.

Ndinamva kaphokoso ngati munthu watsamwa. Kenaka chidendene chija kuthamanga kuwoloka msewu.

Ndimafuna asadziwe kanthu basi. Ndimafuna lero lifanane ndi dzulo. Mulungu ndi mboni.

Chakudya sichinalowe. Ndanamizira chala.

Lachinayi, 8 Okutobala

Foni ya azakhali isanakwane seveni koloko. Chisangalalo chokhachokha. Nyenje waimba dzulo madzulo, galimoto wapeza kale, ya mwamuna wa mnzake, ikawatenga Bambo Loweruka m'bandakucha. Njinga ya olumala abwereka kwa oyandikana nawo. Bambo poyamba anakana, kenaka akuti anafunsa, "Wapambanadi?" Nyenje n'kuti, "Bwerani mudzaone." Tsopano alamula kuti jekete yawo yakuda ichapidwe.

Azakhali: "Iwe sunena kanthu, tikudziwa, koma Mulungu akudalitse mwana wa achimwene." Ndinangoti eya, eya, ngati chitsiru.

Sikisitini mpaka twente-wani. Zonse zatha. Makatoni atatu pakona, ndaphimba ndi nsalu kuti ndisawaone.

Wometa tsitsi wandigwira chanza pamsewu, akuti mafuno abwino kubanja lonse. Telala akusokera Nyenje diresi la buluu, wandionetsa pawindo. Nkhani yafala ngati moto wa m'chilimwe, ndipo woyatsa ndine.

Zaka zonsezi ndinkaopa kuulula zoona. Bodza sindinaliganizireko.

Mayi akunyumba anandiyang'ana nthawi yaitali ndikutsuka m'manja. Sanafunse. Anangoti, "Mluzu wadzulo uja sunali wanu." Ndinatuluka panja.

Lachisanu, 9 Okutobala

Mayi Mlembi abwera kudzatenga zikho. Kuwerenga nambala, kuona ngati nyuzi sizinang'ambike, kusaina. Mphekesera anazimva. Ndimati andikalipira. M'malo mwake kumwetulira, mawu otsitsa: "Tauni yonse yalozera kolakwika. Inu ndiye katswiri, chaka chamawa ntchito ndi yanu ndithu." Anandisisita paphewa. Ndinafuna nthaka ing'ambike.

Atachoka ndinakiya shopu. Ndinatsimikiza mtima: ndikamuuza Nyenje. Ntchito ithe, dzina liipe, bola Bambo asakwere galimoto ija. Masitepe khumi ndi asanu ndi atatu, ndinawawerenga.

Ndinawapeza ali pakati pa sewero. Mwambo wa mphotho umafuna kuti wopikisana aliyense aonetse mphindi zisanu asanatchule wopambana. Nyenje ali pakati pa chipinda ndi tebulo ndi simbi. Amachita mayi amene akusita malaya a mwana wake yemwe sadzabweranso. Ndinaima pakhomo. Ine ndemwe ndinali ndisanamuonere kwa zaka zisanu kapena kuposa, nthawi zonse ntchito, ntchito. Ndinaiwala chimene ndabwerera.

Atamaliza anandiona, n'kuthamangira. Thukuta kamukamu, nkhope yowala ngati ali ndi zaka khumi. Ndinati Nyenje tamvera, pali zoti ndikuuze. Anandigwira pakamwa ndi chikhatho. "Ayi achimwene, musaphwanye lamulo lanu chifukwa cha ine. Simunandiuze kanthu. Ndikalumbira paliponse kuti simunandiuze."

Anzake onse kuseka, kundiombera m'manja. Kamtsikana ka ndolo kanalinso pomwepo, kanabwera kudzam'thandiza kunyamula tebulo. Kanandipatsa moni mwaulemu, kogwada pang'ono.

Chikhatho chinachoka. Pakamwa panga panatsala potseka. Ndinatsika masitepe.

Ndine wamantha. Ndilembe bwinobwino kuti ndidzawerenge: si lamulo linanditseka pakamwa lero. Ndi nkhope ija.

Loweruka, 10 Okutobala

Bambo afika leveni koloko. Mapazi otupa, nsapato yakumanja yakana kulowa, avala patapata ndi sokosi. Asanza kawiri m'njira. Namwino woyandikana nafe wayeza bipi, wapukusa mutu, akuti agone kaye. Bambo akana kuvula jekete, akuopa ingakwinyike.

Andiitana kuchipinda. Kulankhula kumavuta, mawu amatuluka mbali imodzi. "Chikhocho n'cholemera?" Ndati pang'ono. "Dzina walemba bwino?" Ndati ndalemba bwino.

Mwambo uyamba folo koloko. Kwatsala maola atatu. 

Lolemba, 12 Okutobala

Dzulo sindinathe kugwira cholembera.

Holo inadzaza. Anatiika kumapeto kwa mzere wachitatu chifukwa cha njinga. Magule, oimba, zolankhula zosatha. Bambo kusinza, kudzidzimuka, kusinzanso. Nambala wani mpaka sikisi ndinkangoona nyuzi zanga zikung'ambidwa.

Seveni. Opikisana anayi, mmodzimmodzi. Nyenje anali wachitatu. Tebulo, simbi, malaya oyera. Anayesa kutentha kwa simbi ndi chala chonyowetsa malovu, n'kuchotsa msanga. Kusita kolala. Kulankhula ndi malaya aja ngati mwini wake ali m'bafa, akuchedwa kusukulu. Kenaka kungoleka, simbi ili m'mwamba. Holo yonse chete. Mayi wina kumbuyo kwathu analira mokweza.

Bambo anali ataweramira kutsogolo mpaka ndinawagwira jekete kuti asagwe.

Kenaka chikho. Wolengeza anang'amba nyuzi. Ndinayang'ana pansi, koma ndinaonabe. Nyenje anali atayamba kale kudzuka, dzanja likukonza diresi la buluu. Dzina linatchulidwa. Anatsala choncho, osaima osakhala, anthu onse akumuona. Ndiye anaimirira zenizeni, n'kuyamba kuomba m'manja, woyamba m'holo monse. Kumwetulira mpaka kamtsikana kanafika pa siteji kakulira. Amene sakumudziwa anati ndi chimwemwe. Zaka makumi awiri ndi ziwiri sizinapite pachabe.

Panja Nyenje anandipeza ndikukankha njinga. Bambo sanawayang'ane n'komwe, ankaopa. Anandiyandikira kukhutu. "Munaimba mluzu, achimwene." Basi. Anakwera minibasi ndi diresi lake lomwelo. Foni yake chizimireni mpaka lero.

Bambo dzulo tsiku lonse chigonere, bipi yokwera, namwino kubwera kawiri. Azakhali sakundilankhula. Ndinkadikira mawu aja, oti mwandivutitsiranji kudzaona masanje.

Lero m'mawa ndikuwameta ndevu, sopo ali kumaso. Akuti, "Simbi ija inali ndi moto?" Ndati ayi, yozizira, yopanda ngakhale chingwe. "Ine ndimaona ngati malaya apsa."

Ndinapitiriza kumeta.

"Iwe unkadziwa kuti sanapambane." Ndati inde. "N'kundisiya ndibwere." Ndati inde, Bambo, ndinalakwa. Lezala ndinaiika pambali.

"Ukanandiuza sindikanabwera. Ndikanafa osamuona." Mpweya umawavuta. "Ntchito imene ija ndi yolemetsa. Mwana uja amagwira ntchito."

Ntchito. Ndi pakamwa pawo.

Kenaka kundikoka mkono ndi dzanja lomwe limagwira, maso aukali ngati kale. "Usakamuuze. Angayambe kudzimva."

Galimoto yowabweza ibwera thu koloko. Tsopano ndi teni. Kwa Nyenje ndi maminibasi awiri, ndipo mwina sakanditsegulira. Ndikanenera pawindo, amve ndi oyandikana nawo omwe.

Zinsinsi za eni ake ndasunga zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ichi chokha ayi. Nsapato zanga zili kuti