Pa Imfa ya Bambo Gideoni Mulepa, Ophedwa Pakhomo la Wodwala

Kwa Mayi Teleza Mulepa, ana ndi abale onse, komanso anthu a m'makomboni a tiyi kuno ku Thyolo,

Ife a Bungwe la Osamalira Odwala m'Makomboni talandira ndi chisoni chosakanikirana ndi mkwiyo uthenga wa imfa ya mbale wathu, Bambo Gideoni Mulepa. Sitinena kuti atisiya ngati kuti anadwala, pakuti anachita kuphedwa dzuwa likuswa mtengo.

Kwa zaka zambiri malemuwa ankayenda khomo ndi khomo kumvetsera chifuwa cha othyola tiyi, kunyamula pamachira olavula magazi kupita nawo kuchipatala cha mishoni, ndi kudyetsa nkhalamba zomwe thangata linazitha mphamvu. Pachitseko cha aliyense wodwala chifuwa chachikulu ankalembapo mtanda wa laimu, kuti obweretsa phala asaphonye nyumbayo ndiponso kuti ana azigona padera.

Lachitatu lapitali kapitawo wa munda wina, atatumidwa ndi bwana wake kuti achotse matenda pamalopo, anabwera ndi anyamata ake kudzatentha nyumba zonse za mtanda. Bambo Mulepa anaima pakhomo la Mayi Marita, amasiye amene sathanso kudzuka pamphasa.

"Achimwene, muli munthu m'nyumbamu," anatero.

"Mwalemba ndinu, adokotala. Ife tikungowerenga," anayankha kapitawoyo.

Anyamata aja anawakwapula Bambo Mulepa ndi chikoti mpaka malaya anamatirira m'mabala, koma sanasunthe. Anawathyola zala ndi mpini wa khasu kuti asiye mphuthu ya chitseko, kenako anawaphwanya mutu, magazi nʼkuthovukira pamtanda womwe analemba okha. Pamene othyola tiyi ankataya madengu nʼkuthamangirako, anyamata aja anathawa, asanayatse moto padenga.

Mayi Mulepa, m'malo mwa mamembala onse ndikupepesa, ngakhale ndikudziwa kuti chipepeso sichilera ana. Mulungu akulimbitseni mtima pamodzi ndi banja lonse, ndipo dziwani kuti Mayi Marita ali moyo chifukwa amuna anu sanachoke pakhomopo.

Bwana wa mundawo watumiza mawu oti tisapondenso m'komboni mwake, ndipo ati wobwera adzaona zomwezo. Tamva. Sitidzalembanso chitseko cha munthu, pakuti nyumbazo tikuzidziwa pamtima. Koma Mayi Marita sanadye chiyambire Lachitatu, choncho tikangoika mbale wathu m'manda mawa, tonse tidzapita kumeneko ndi phala.

Ine wanu wolira nanu,
Goodson Nakhumwa
Wapampando, m'chaka cha 1936