Ababa ndi Khoma la Miyala

Montevideo,
14 Ogasiti

Okondedwa achimwene a Reinier,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo uja unapola? Ine ndilipo, kungoti kuno kukuzizira koopsa, mphepo yochokera kumtsinje ikulowa mpaka m'mafupa. Kalatayi ndapatsira a Odalys, amene akubwera ku Manzanillo sabata yamawa, chifukwa zimene ndikufuna kunenazi pafoni zimandikanika.

Ababa sali bwino. Thupi lili ndi mphamvu, akudya, koma mutu ukutha. Mwezi wa Meyi anapita kukagula buledi pakona pomwepa, tinakawapeza madzulo kudoko atakhala pansi, buledi ali m'manja. Dokotala anandiuza mosabisa kuti ndi matenda oiwala aja. Akuti sachira, mankhwala amangochedwetsa.

Kusochera mumsewu sikunawapweteke ngati kusochera pa masewero a tchesi. Mukudziwa mmene ankasungira m'mutu njira zoyambira masewero, zina za masitepe makumi awiri. Kukalabu ya m'dera lathu anayamba kugonja kwa anthu amene kale akanawakwapula atatsinzina. Ankayamba bwino njira yaitali, kufika pakati n'kuima, osadziwa kumene amalowera. Atagonja kasanu motsatizana anasiya kupitako. Ankangokhala pazenera atafunda bulangete.

Ndiye kunabwera a Heber, mdala wina wa kukalabuko amene anapuma ntchito yoyendetsa basi. Analowa ndi chikho cha tiyi wowawa wa kunoyu, fulasiki ili m'khwapa, n'kunena kuti adzawaphunzitsa njira imodzi yokha, yotchedwa khoma la miyala. Akuti ubwino wake ndi woti umayamba chimodzimodzi nthawi zonse, kaya mnzako achite zotani. Asilikali anayi umawaimika ngati khoma, bishopu n'kuloza pakona pamene mfumu ya mdani imabisala, hatchi n'kudumphira pakati. Ukatero umabweretsa nsanja ndi mfumukazi, onse kukagogoda pakhomo limodzi.

Ababa anapsa mtima. Anati iwo anaphunzitsa ana a chigawo chathu chonse cha Granma, sangaphunzire masewero a alesi kwa dalaivala. A Heber anangoseka.

"Iwe mdala wa ku Cuba, basi yodziwa msewu umodzi imafika. Yako yodziwa misewu yonse ija ili kuti? Si iyi yafera pazenerayi?"

Ababa anawatukwana ndithu, kenako anati, "Yala bolodi, ndikuonetse kuti n'zachibwana."

Anaphunzira masabata asanu ndi imodzi. Ine amene ababa sanandiphunzitsepo, poti ankati tchesi ndi yanu inu, ndinayenera kuphunzira kuti ndizisewera nawo ndikaweruka kuhotela kumene ndimachapa. Masiku ena masitepe onse asanu ndi atatu a njirayo ankangotuluka okha m'zala zawo. Tsiku lina anagwira bishopu n'kundifunsa kuti kameneka kamayenda bwanji. Ndinawaonetsa, kenako ndinakalirira kubafa.

Loweruka lapitali kunali mpikisano wa kalabu. Ababa anakumana ndi a Silvana, mayi wogulitsa mankhwala amene sagonja wamba. Achimwene, mukanawaona! Khoma linaima, hatchi inalowa, kenako ababa anapereka bishopu dala pomenya msilikali wotchinga mfumu. Anthu anasiya masewero awo kudzaonerera. Mfumu ya a Silvana inali pambalambanda, kutangotsala masitepe awiri kuti zithe. Ngakhale ine wophunzira dzulo ndimawaona masitepewo.

Pamenepo ababa anadzutsa mutu n'kumwazamwaza maso ngati munthu wodzidzimuka kutulo. Anafunsa a Silvana kuti, "Pepani mayi, asilikali oyerawa ndi anga kapena anu?" A Silvana anawayankha mofatsa kuti ndi a ababawo, ndiponso kuti ndi nthawi ya ababa yosuntha. Kuuzira munthu pampikisano n'koletsedwa, ndiye panalibe woti n'kuwathandiza. Ababa anayang'ana bolodi mphindi khumi ndi imodzi, dzanja lili m'malere, mpaka nthawi yawo inatha pawotchi. A Silvana anakana kusaina kuti apambana, koma woweruza anati lamulo ndi lamulo. A Heber anatuluka osatsazika munthu.

Pobwerera ababa anali osangalala. Anandiuza kuti apambana, ndipo anati ndikuuzeni inu. Sindinawatsutse.

Ndikudziwa kuti simunalankhulane ndi ababa chichokereni chathu. Mawu amene ananena tsiku lotsazikana, oti ndinu wamantha pokana kusamuka nafe, anali oipa, ndipo sindikuwaikira kumbuyo. Madzi akatayika saoleka. Koma iwo anaiwala kale zoti munakangana. Kupepesa kumene mukudikirako sikudzabwera, achimwene, chifukwa amene analakwa uja kulibenso.

Pempho langa ndi limodzi. Lamlungu lililonse magetsi akayaka, muziwaimbira foni ya vidiyo muli ndi bolodi patsogolo. Inu mutenge asilikali akuda. Musawasokoneze ndi nzeru zanu zija ayi. Bisani mfumu yanu pakona, muwalole amange khoma lawo, abwere adzakumenyeni. Dokotala sakudziwa ngati kwatsala chaka kapena miyezi.

Mundiperekere moni kwa alamu a Dayamí, kwa ana onse, kwa amalume a Eliseo ndi kwa azakhali a Caridad. Azakhali musawauze kaye za matendawa, mtima wawo uja mukuudziwa. M'phukusi la a Odalys muli mankhwala a azakhaliwo ndi khofi wanu.

Musachedwe. Dzulo ababa anandiitana ine dzina la malemu amayi. Lanu akulitchulabe bwinobwino.

Ndine mlongo wanu,
Yanelis