Perefyumu wa amayi ofatsa

Loweruka madzulo, mwezi wa Ogasiti. Kwazizira lero, koma mtima uli myaa.

Dzulo mlamu wanga anandipatsa perefyumu wonunkhira ngati maluwa a mapichesi a kuseri kwa nyumba yathu. Akuti amayenera amayi ofatsa, olankhula motsitsa. Ine wofatsa? Ine amene ndimakuwa "Kachewere! Kachewere!" pamsika wa Chimbiya mpaka kusasa mawu?

Ndadzipoperabe m'mawa. Kumsika ndakuwa ngati masiku onse, ndakangananso ndi kondakitala wina wamwano.

Pofika kunyumba, amuna anga, amene takhala osalankhulana sabata yonse, aima pakhomo n'kununkhiza. "Mwayenda bwanji, amake Tadala?" Dengu anditula okha.

Kufatsa sikukhala m'botolo, ndikudziwa. Koma mawa popita ku Misa ndidzipoperanso, ndione ngati angandidikire panjira...