Ndinavomera Chifukwa Apongozi Anali Pomwepo

Aphungu,

Mtima wanga ukungodumphadumpha, moti dzulo ndinathira mchere mu tiyi. Ine wolekeza Sitandade 8, woyanika usipa padoko lina kufupi ndi kwa Mponda, andisankha kuti ndikalankhule pamaso pa makhansala Lachinayi likubwerali!

Ondisankhawo ndi gulu lina la akafukufuku la konkuno ku Mangochi. Amayenda m'midzi kufunsa mafunso, kenako n'kulemba lipoti lolangiza khonsolo isanakhazikitse lamulo. Mtsogoleri wawo, Mayi Celestina, anandiuza kuti, "Inu a Asiatu, mapepala okha sagwira mtima. Makhansala akamva mawu a mayi wa padoko, lamuloli lidutsa." Mpango wanga wa pa Idi ndausita kale.

Koma pali kanthu kakundidya. Lipotilo likuti mathandala athu oyanikapo usipa achoke padoko apite kumtunda, kuseri kwa sukulu, ndipo likuti amayi tonse tinavomera. Tsiku limene akafukufukuwo anabwera anatikhazika pamodzi, amuna ndi akazi, pansi pa mtengo wa mango. Oyamba kuyankha anali apongozi anga aamuna, Che Ibrahimu, eni mabwato atatu, amene akufuna malowo kuti azisokerapo maukonde. Atandifunsa ine, ndinayang'ana pansi n'kunena kuti, "Monga anenera bambowa." Anzanga onse anangotsatira. Kwathu kuno apongozi sitiwayang'ana n'kumaso komwe, nanji kuwatsutsa pagulu.

Chonsecho usipa sudikira munthu. Ukausenza m'beseni mtunda wonsewo dzuwa likuswa mtengo, umafika utafewa, ndipo ogula ochokera ku Limbe saufuna. Tilipo amayi makumi anayi amene timadyera pa mathandalawo. Kodi ndikanene zoona, ndichititse manyazi apongozi ndi Mayi Celestina amene andikweza chonchi? Kapena ndikangowerenga zimene andilembera? Kupita ndikufunitsitsa, Aphungu, koma ndili ndi mantha.

A.S., kwa Mponda, Mangochi

Mayi A.S.,

Mwandisangalatsa kwabasi. Mpangowo musaubwezere m'sutikesi, ku khonsolo mupita ndithu. Magulu ngati limeneli ndi ofunika, chifukwa makhansala sangafike padoko lililonse, amaonera m'maso mwa akafukufuku. Ndiye maso amenewo akaona molakwika, boma lonse limapunthwa.

Musadikire Lachinayi. Pitani kwa Mayi Celestina lero, mukawafotokozere monga mwandifotokozera inemu. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, koma wofunsa mkazi wa mwini pamaso pa apongozi ake naye amadya phula lomwelo. Kulakwitsako n'kwawo, osati kwanu. Apempheni abwerenso, acheze ndi amayi paokha pa mathandala pomwepo, ndipo mmodzi wa akafukufukuwo asenze beseni la usipa mpaka kuseri kwa sukuluko, akaone yekha mmene ufikire. Wofufuza weniweni adzakuthokozani, popeza chuma chake chonse ndi kukhulupirika kwa lipoti lake.

Che Ibrahimu asakamve nkhaniyi kwa anthu odutsa. Tumani amuna anu kapena ankhoswe, akawauze mwaulemu kuti usipa ukawonongeka, amayi adzaleka kugula pa mabwato awo omwewo. Mwina doko likhoza kugawidwa, uku maukonde uku mathandala. Maganizo amenewa ndiwo mukawatule ku khonsolo, amayi anzanu awiri kapena atatu ali pambali panu.

Koma chenjerani. Mayi Celestina akakana kukonza lipotilo, musakawerenge mawu amene mtima wanu ukuwakana, ngakhale akulonjezeni kukujambulani pa wailesi. Kuvomera kwanu kwa pansi pa mango kunali ulemu chabe. Mukakakubwereza ku khonsolo kudzasanduka lamulo, ndipo lamulo silikumbuka kuti munkachita manyazi. Beseni lija adzalisenza si Che Ibrahimu kapena Mayi Celestina ayi, mudzalisenza ndinu, tsiku ndi tsiku.

Aphungu