Mami Andituma

Lamulungu, 12 Novembala

Mikanda yapita. Ndalemba kuti mwina ndikawaona mawuwa papepala ndikhulupirira.

Lero linali tsiku la Anti Morenike, achemwali aakulu a bambo a Tinu, akwanitsa zaka 70. Mapemphero othokoza m'mawa, phwando masana kuhotela ija ya ku Ikeja kuno ku Lagos. Tonse mu aso ebi, nsalu ya phwando yobiriwira imene anasankha okha, amayi madiresi ndi maduku, abambo zipewa, nsalu imodzimodzi ngati munda wa chinangwa ukuyenda. Potuluka m'tchalitchi anandiitana pamaso pa anthu, "Mkazi wathu, bwera kuno," n'kundipatsa chitini cha mabisiketi. M'katimo mikanda yofiira ya banja, mizere itatu, imene mtsikana aliyense wa kwa Oyelaran amavala pa ukwati wake. Anavala agogo awo, anavala iwo, Loweruka likubwerali ayenera kuvala Tinu wanga. "Uisamale. Si ya ku msika wa Balogun imeneyi." Ndakalambira pabanja pano, koma ndikadali "mkazi wathu" wofunika kumuuza zimenezo. Mwana wawo Dotun anandinyamulira chitinicho mpaka kugalimoto, ndinachiika kubuti, pansi pa nsalu.

Kuhotela bambo wina wa jekete la hotela, dzina pachifuwa Mathias, ananditsegulira chitseko, n'kulandira kiyi, n'kundipatsa kakhadi ka nambala. Ndinaganiza zolowa nacho chitinicho, koma m'holo yovinira zikwama zimamera miyendo. Ndinamufunsa ngati kubuti n'kwabwino. "Mami, musadandaule, galimoto ili m'manja mwathu."

Tavina, tadya, tawamwazira Anti ndalama pamphumi. Dzuwa litapendeka ndapereka kakhadi, galimoto yabwera, galasi losasweka, loko ali bwinobwino. Tafika kunyumba ku Surulere, ndatsegula buti. Nsalu ilipo, chitini palibe.

Bambo a Tinu angokhala pampando ndi chipewa chawo kumutu. Ati tisauze munthu kaye.

Lolemba, 13 Novembala

Ndalawirira kuhotela. Andikhazika pa sofa mpaka msana kuwawa, kenako kwatulukira manejala, Bambo Ekanem, tayi yowala, mafuta onunkhira ofika munthu asanafike.

"Madamu, pepani ndithu. Koma chikwangwani chathu munawerenga?"

Anditengera kuseri, pafupi ndi jenereta, kumene amaimika magalimoto. Kuseri kwa mphika wa maluwa kuli kachikwangwani kakuti woimika galimoto pano waimika mwa kufuna kwake, kanthu kakatayika hotela ilibe mlandu.

Ndamufunsa, "Anaimika ndine?"

"Galimoto ndi yanu, Madamu."

"Sindinafunse mwini wake. Ndafunsa anaimika ndani. Ine ndinatsikira pakhomo, munthu wanu wovala jekete lanu anatenga kiyi. Malo anowa ndawaona lero koyamba."

Wamwetulira ngati ndanena nthabwala. Kenako akuti, kodi lisiti la mikandayo ndili nalo? Lisiti. La mikanda ya gogo amene anamwalira azungu asanachoke m'dziko muno. Za makamera akuti akatswiri awo akuyang'ana. Mathias akuti lero sali pantchito. Pomaliza anditumizira botolo la chakumwa pa thireyi, ndalisiya pomwepo losatsegula.

Chikundipweteka kwambiri n'chakuti dzulo anthu omwewa amatigwadira, Mami uku Mami uko. Lero ndasanduka Madamu wosawerenga zikwangwani.

Lachiwiri, 14 Novembala

"Tisauze munthu kaye" wa bambo a Tinu sanathe ngakhale masiku awiri. Awauza okha achemwali awo.

Foni yalira ndikukazinga nthochi. Anti Morenike, A.M. mwachidule, sanapereke n'moni yemwe.

"Ndamva kuti wataya."

"Sindinataye, Anti, aba m'galimoto."

"Galimoto yosasweka? Mkazi wathu, ine si mwana. Mikanda ija inadutsa nkhondo, inawoloka mitsinje pamutu pa anthu, yafera m'manja mwako tsiku limodzi. Kwanu mumasunga zinthu choncho?"

Kwathu. Nthawi zonse nkhani ikavuta amakumbukira kuti ndili ndi kwathu. Sananene poyera kuti ndagulitsa kuti ndilipire ophika za ukwati, koma anazungulira mpaka pakhomo pake. Ine "inde Anti, pepani Anti," chifukwa mlamu wamkulu sayankhidwa. Nthochi zapserera.

Madzulo kwabwera Dotun kudzatipepesa. Munthu wa zaka zoposa makumi atatu, bizinesi yake ya mafoni ili "pafupi kuyamba" kuyambira Tinu ali kusekondale. Koma lero yekha ndiye wandiikira kumbuyo. "Anti, anthu oimika magalimoto aja ndi mbava zokhazokha, musawasiye." Wadya mpunga mbale ziwiri n'kupita.

Lachitatu, 15 Novembala

Tinu wadziwa. Tinali kwa telala kuyesa chovala cha Loweruka, iye n'kunena kuti khosi alidule motsika kuti mikanda idzaoneke bwino. Ndinalephera kubisa nkhope. Sanalire. Anangoti, "Mami, ndivala ya pulasitiki, ndani adziwe?" Adziwa onse. Azakhali ake onse adzakhala kutsogolo maso ali pakhosi pake, ndipo mpaka adzukulu ake adzamva kuti ndi mtsikana woyamba wa kwa Oyelaran kukwatiwa khosi lili lopanda kanthu chifukwa cha mayi ake.

Pobwerera ndadzera kuhotela. Mlonda wa pageti, nditamuchonderera, wandilozera kwa mayi wogulitsa chimanga chootcha kutsidya kwa msewu. Mathias anali atakhala pabenchi pamenepo, wopanda jekete. Amuimitsa ntchito, amabwera tsiku lililonse kudikira kuti mwina amuitana. Atandiona anaimirira manja kumbuyo.

"Mami, ine sindinabe. Ndili ndi ana."

"Nanga kiyi wanga anayenda yekha?"

"Kunabwera munthu wanu, chipewa chobiriwira ngati nonse. Anati, Mami andituma ndikatenge mphatso m'galimoto. Anatchula mtundu wa galimoto ndi nambala yomwe. Ndinamupatsa, pasanapite nthawi anabweza."

"Kakhadi anakuonetsa?"

Anayang'ana pansi. Akuti akuluakulu awo anawauza kuti tsiku la phwando, munthu wovala nsalu ya eni phwando asamuvutitse ndi kakhadi, alendo amakwiya, amati hotela ikuwayesa akuba.

Mami andituma! Mu Lagos muno mkazi aliyense wa imvi imodzi ndi Mami. M'holo muja munali a Mami odzaza basi zingapo. Nsaluyo A.M. anagulitsa kwa aliyense, a kutchalitchi, a kumsika, anzawo a anzawo, ngakhale amene anangomva fungo la mpunga wa jolofu. Ndiye kakhadi anandipatsiranji? Kuti ndidzipepese nako mphepo?

Ndamuimbira Uloma, mnzanga wa kukwaya amene ndi loya. Akuti munthu akalandira kiyi wako walandira katundu wako, ndipo kachikwangwani kobisika kuseri kwa maluwa sikawapulumutsa akapereka kiyi kwa mlendo. Awaimbira yekha.

Lachinayi, 16 Novembala

Foni imodzi ya loya, akatswiri aja amaliza kuyang'ana.

Bambo Ekanem anandilandira pakhomo penipeni, "Mami, takulandirani." Ndabwereranso kukhala Mami. Ndikanadziwa pomwepo kuti pali kanthu. Anandilowetsa mu ofesi, n'kunditembenuzira kompyuta, iye n'kutsamira pampando manja pamimba.

Galimoto yanga. Munthu wa chipewa chobiriwira akubwera, akutsegula buti osafufuza n'komwe, dzanja lake likupita molunjika pansi pa nsalu. Potseka anatembenukira ku kamera.

Dotun.

Bamboyo anali akuyang'ana ine, osati kanemayo.

"Mukumudziwa, Mami? Chifukwa anthu anga akuti anakhala pa tebulo la eni phwando."

Anapitiriza yekha.

"Ife tilibe vuto. Mukafuna tipitirize, kanemayu tipereka kupolisi lero lomwe, agwire mbava. Koma ndamva kuti ukwati uli Loweruka? Nkhani za m'banja zimakoma kuthera m'banja." Kenako akuti, posonyeza chisoni, hotela ipereka chipinda chaulere usiku umodzi kwa akwati, ine ndingovomereza kuti nkhani yatha.

Ndatuluka osavomereza. Manejala ameneyu kanemayu anamuona kuyambira Lolemba, ndikulumbira. Amangodikira kuti adziwe kuti wakubayo ndi wa ndani. Kiyi anapereka ndi iwo, lamulo lopusa anaika ndi iwo, Mathias ali pabenchi ya chimanga chifukwa cha iwo, ndipo tsopano akufuna kubisala kumbuyo kwa mwana wa mlamu wanga. Ndipo Dotun, mpunga wanga mbale ziwiri, "musawasiye Anti."

Ndamuimbira Dotun, foni yake ndi yotseka. Bambo a Tinu sindinawauze, angathamangirenso kwa achemwali awo. Ndipite kwa mayi wa zaka 70, wa BP, ndikamuuze kuti wakuba ali m'nyumba mwake? Adzati mkazi wathu wataya mikanda, tsopano akufuna kutaya ndi mwana wanga. Ndikakhala chete, wakuba ndine mpaka kumanda.

Lachisanu, 17 Novembala

Nyumba yadzaza alendo, pabwalo akusenda anyezi, ndadzitsekera kuchipinda kuti ndilembe izi ndisanaiwale mawu a A.M.

M'mawa A.M. anafika ndi dalaivala wawo, atavala zoyera, mkanda wawo umodzi wa tsiku ndi tsiku uli m'khosi. Sanakhale pansi. "Tiye kuhotelako. Ndikufuna ndikamve ndi makutu anga mmene unatayira."

Ndinati, "Anti, musavutike, dzuwa lakula, nkhaniyi ndiithetsa ndekha."

"Ukuopa chiyani?"

"Chonde Anti, musapite."

Anandiyang'ana kuchokera kuduku mpaka kumapazi, pamaso pa ophika onse. "Ndinadziwa. Munthu wosalakwa saletsa mboni."

Pamenepo mtima wanga unauma. Ndinatenga chikwama n'kukwera.

Bambo Ekanem atationa awiri anasangalala zenizeni. Anawagwadira, anawakokera mpando, "Mami, Mami." Anafunsa ndi maso ngati ayatse. Ine ndinayang'ana kukhoma. Anayatsa.

A.M. anavala magalasi. Anaonera mpaka pamene Dotun akutembenuka. Anati, "Bwezani." Anaoneranso. Dzanja lawo linali pa tebulo, ndinaliona likugwira m'mphepete mwamphamvu. Ndimayembekezera kuti akomoka, kapena anena kuti makamera amanama.

Manejala anayamba nyimbo yake ya dzulo, mawu ofewa, za m'banja kuthera m'banja, za chipinda chaulere, ndipo kuti munthu wawo sanalakwe kwenikweni poti mnyamatayo anati Mami amutuma.

A.M. anafunsa, "Anati chiyani?"

"Anati, Mami andituma."

A.M. anavula magalasi n'kuwapinda pang'onopang'ono.

"Mami wake ndine. Sindinamutume. Munabwera kudzandifunsa?"

"Mami, tsiku la phwando sitifuna kuvutitsa..."

"Kakhadi kanali ndi ndani?"

Ndinayankha kuti kanali m'chikwama mwanga tsiku lonse.

"Ndiye itanani apolisi. Mwanayo ndi wanga, ndinabereka ndekha, ndikawalozera kumene amagona. Akatha kumugwira abwere kuno adzafunse amene anapereka kiyi wa munthu kwa chipewa. Mumayesa mundiopseza ndi mwana wanga? Imbani, ndikudikira."

Mafuta onunkhira aja anayamba kusakanikirana ndi thukuta. Akuti mwina tikhale pansi ndi loya wawo Lolemba. A.M. anati Lolemba tibwera ndi wathu, ndipo bambo amene ali pabenchi kunja uja akhale atavala jekete lake, chifukwa lamulo sanapange ndiye. Ndinali nditawauza za Mathias? Ayi. Anamuona okha pageti atatiimirira manja kumbuyo.

Pobwerera tinafika dera la Maryland. Kenako A.M. anayamba kuimba mafoni, kwa m'busa, kwa wosula golide wina wa ku Idumota, kwa mkazi amene Dotun anabereka naye mwana. Palibe akudziwa kumene ali. Wosula golideyo akuti mikanda yotere ikafika pamsika Lolemba, pofika Lachitatu imakhala itamwazikana m'makosi a anthu khumi.

Atatsitsa foni ndinaona kuti akulira, mopanda phokoso, nkhope ili kuwindo. Sindinadziwe choti ndichite ndi manja anga. Ukali wa sabata yonse unalibe pokhala.

"Unadziwa dzulo?"

"Inde, Anti."

"N'chifukwa chake umandiletsa."

Sanapepese, ndipo sindimayembekezera. Tikulowa mumsewu wathu anakweza manja kukhosi, akulimbana ndi kandowe ka mkanda wawo, zala zikukanika. Anatembenuka n'kundipatsa msana.

"Mayi a Tinu, tandimasule. Ndi umodzi wokha, koma unachokera m'chitini chomwe chija."

Uli pano pa tebulo, ukadali wofunda. Tinu akugogoda, akuti telala wabweretsa chovala.